Mmene Ndinatchezera Chanzi cha Amayi

Ana anga, pamwamba pa kabati ya kuchipinda kwanga pali kabotolo kofiirira kamene ndimakukalipirani mukangokakhudza. Rudo amati ndi mankhwala a nyamakazi. Tendai anauza mkazi wake, ine ndikumva ndi makutu angawa, kuti ndi zitsamba za anthu a ku Nyasalande, asamakayang'anitsitse. Nonse munalemba m'madzi. Popeza ntchito ndinapuma ndipo nthawi ndili nayo yosowa nayo chochita, ndati ndikulembereni za kabotoloko. Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mudzawerenga moguguda n'kumafunsana m'Chishona kuti mdalayu ankati chiyani, koma werengani basi, simufa nazo.

Kadoma, m'zaka za m'ma 1970

Za ubwana wanga m'komboni ya mgodi ku Chakari mumazidziwa kale, sindibwereza. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Kadoma, nthawi imeneyo tikuti Gatooma, pa fakitale ina yoyenga mafuta a njere za thonje. Anandiika m'labu, koma musaganize kuti ndinalowamo ngati dokotala. Ndinali wotsuka timabotolo tagalasi. Bwana wathu anali mzungu wina amene tinkamutcha Chipewa, chifukwa chipewa chake sankavula ngakhale kutenthe bwanji. Ankatilankhula m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi chija, ngati tili pansi pa nthaka. Akakuwa kuti "Buya lapa!" umasiya chilichonse n'kuthamangira kwa iye. Ataona kuti manja anga sanjenjemera, anandiphunzitsa kuyeza mafuta pa sikelo ndi kudonthezamo mankhwala pang'onopang'ono mpaka mtundu utasintha. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa chimene chimasinthitsa mtunduwo. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, n'kuti, "Aikona buza, sebenza!" Ndiye kuti ndisafunse, ndizingogwira ntchito. Ndinagwira ndithu, zaka ndi zaka, ndikusintha mitundu ya madzi osadziwa chifukwa chake.

Loweruka ndinkakwera basi kupita ku Chakari kukaona makolo. Kuseri kwa nyumba ya mgodi imene tinkakhala kunali chitsamba chimodzi chimene agogo anu aakazi ankachisamala kuposa ife ana awo. Amayi anali a ku Likoma, chilumba cha m'nyanja ya kwathu. Ankati pobwera kudzatsatira bambo anachinyamula chili kakang'ono m'chitini, pa sitima yapamadzi, pa lole, mpaka pa sitima yapamtunda, akuchithirira madzi awo akumwa. Ankachitcha chanzi cha ku chilumba, ndipo ankanenetsa kuti chotere sichimera kwina kulikonse.

Chitsamba chimenechi chinali ndi ntchito yake. Munthu wakwathu akamwalira m'komboni, mtembo sunkapita kumudzi, kunali kutali. Ndiye azimayi a sosaite ya maliro, motsogozedwa ndi aNangozo, mnzawo wa amayi wa ponda apa m'pondepo, ankabwera kudzathyola masamba a chanzi, kuwafikisa m'beseni la madzi n'kusambitsira womwalirayo. Ankati ngakhale munthu agone m'dothi la eni, azipita akununkhira kwawo. Anansi athu achishona akadutsa ankati, "Koma mbuya, uyu si zumbani yemweyu wadzaza m'tchiremu?" Hii, pamenepo mukanawaona amayi! Ankaima manja m'chiuno n'kuti, "Zumbani wanuyo ndi udzu wa mbuzi. Mphuno zanu zinafa ndi fumbi la mgodi." Ine ndikafikisa masamba a ziwirizo ndinkamva ngati kusiyana kulipo, nthawi zina ngati palibe. Koma kunena zimenezo pamaso pa amayi kunali kudziputira.

Selous ndi Chegutu, m'zaka za m'ma 1980

Nditakwatira amayi anu ndinasamukira ku Chegutu, kumene ndinapeza ntchito pa kampani yaing'ono yotcheza mafuta onunkhira a zomera. Minda ndi zotchezera zinali pa famu ina cha ku Selous, labu inali m'tauni. Tinkatcheza bulugamu, udzu wonunkhira mandimu uja, ndi zina zimene azungu akunja ankagula kukapangira sopo ndi mafuta odzola. Katchezedwe kake n'kosavuta kumva. Mumadzaza masamba mumphika waukulu, nthunzi imadutsamo n'kunyamula fungo, imalowa m'paipi yozizidwa ndi madzi, kenako kumadontha madzi okhala ndi timafuta toyandama pamwamba. Nditawafotokozera amayi zimenezi anaseka mpaka kutsokomola. "Lazaro mwanawe," anatero, "sukulu yonse ija kuti ukatcheze kachasu? Bwenzi utangophunzira kwa aNangozo kwaulere."

Bwana wanga kumeneko anali mayi wina wophunzira kwambiri wochokera ku chilumba cha Morishasi. Tonse tinkangoti Madamu. Uyu anali wosiyana ndi Chipewa monga usana ndi mdima. Ukamufunsa chinthu chimodzi ankakuyankha zisanu, mpaka umanong'oneza bondo kuti ndafunsiranji. Asanabwere kuno anathera zaka zambiri akufufuza mafuta a zomera za m'zilumba za kwawo. Anandiuza kuti pachilumba chomera chimakhala chokhachokha kwa nthawi yaitali, chotalikirana ndi abale ake a kumtunda, ndiye chimayamba kupanga mafuta akeake amene sapezeka kwina. M'labumo munali makina ake amene ankawakonda ngati mwana. Unkatenga kadontho ka mafuta ndi jakisoni wowonda n'kubaya pakamwa pa makinawo. Mpweya wa m'silinda unkakankha kadonthoko m'kapaipi kotentha kozungulirazungulira, zinthu zonse zili m'mafutamo n'kumatuluka chimodzichimodzi, ndipo cholembera chinkajambula timapiri pa pepala lalitali. Kaphiri kalikonse kanali chinthu chimodzi cha m'mafutamo. Madamu akayang'ana timapiriti ankadziwa chomeracho ngati mmene inu mumadziwira nkhope ya m'bale wanu.

Makina amenewo anatizunza, abale. Zipangizo zake zonse zinkachokera kunja, ndipo nthawi imeneyo kupeza chinthu chakunja kunali kovuta. Mpweya ukatha tinkakhala miyezi tikungodikira. Mapepala akatha tinkatembenuza akale. Magetsi akathima makina ali mkati mogwira ntchito, Madamu ankatukwana m'chilankhulo cha kwawo, ine n'kumayang'ana kudenga ngati sindikumva.

Tsiku lina tikumwa tiyi ndinangotchula za chanzi cha amayi. Madamu anaika kapu pansi. "Chilumba? Cha m'nyanja ya pakati pa mtunda? Bambo Lazaro, zaka zonsezi mwakhala nazo chete? Ndibweretsereni masamba." Ndinapita ku Chakari kukapempha masambawo, koma amayi anandidula ndisanamalize. "Masamba awa ndi a anthu akufa, si a makina. Ukamuuze dona wakoyo akathyole za kwawo." Ndinabwerera chimanjamanja, ndipo Madamu anangoseka n'kunena kuti amayi ake nawonso anali otero.

Chaka cha chilala chachikulu

Bambo anamwalira chaka chimene mvula inakana. ANangozo ndi anzawo anawasambitsa ndi chanzi monga mwa nthawi zonse, ngakhale chitsambacho chinali chitayamba kuyoyoka masamba. Titangomaliza maliro panabuka vuto. Nyumba inali ya mgodi, ndipo mwini ntchito atapita, amayi anayenera kutulukamo. Zoti adzakhala nafe ku Chegutu sizinavute. Chovuta chinali chitsamba. Amene ankalowa m'nyumbamo anali atanena kale kuti kuseriko adzamangako khola la nkhuku.

Ndinayamba ndadula timitengo n'kukatibzala ku Chegutu m'zitini. Madzi tinkachita kulimbirana pampopi, koma ndinkatithirira ndithu, amayi anu akundiyang'ana ndi diso lofiira. Timitengo tonse tinauma. Ndiye ndinapita kwa Madamu, mutu utaima.

"Njira zilipo ziwiri," anatero. "Mukhoza kuchikumba chonse n'kukachiwokera kwanu. Koma n'chokalamba, mizu yake yapita patali, ndipo kunja kwatentha chonchi. Ine sindingakulonjezeni kuti chigwira. Kapena mudule masamba onse ndi nthambi zanthete, titcheze. Mafuta mukawasunga m'botolo lakuda lotseka bwino amakhala zaka zambiri."

"Nanga sitingachite zonse ziwiri?"

"Masamba atsala ochepa. Kuti mupeze mafuta ooneka ndi maso muyenera kuchimeta chonse, ndipo chitsamba chometedwa simungachizule m'chilala n'kukhala ndi moyo. Sankhani chimodzi."

Ndinapita kukawafunsa eni ake. Ndinawapeza amayi atakhala pa katundu womangamanga, chitenje chakuda chili kumutu. Ndinafotokoza zonse mofatsa, kawiri konse. Anamvetsera, kenako anati, "Lazaro, ine za mapaipi akozo sindizimva. Chimene ndikufuna n'chimodzi. Abambo ako apita akununkhira kwathu. Inenso ndikafa mundisambitse ndi chanzi changa. Zinazo ukudziwa ndiwe, unapita kusukulu ndiwe."

Kunena zoona, ndinalakalaka akanandikalipira n'kundisankhira okha. Ndikachikumba n'kufa, amayi atsala opanda kanthu. Ndikachitcheza, chitsamba chatha koma fungo lilipo. Ndinaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo pomaliza ndinasankha monga munthu wa m'labu: chogwirika ndi chimene chili m'botolo. Ndinatenga chikwakwa m'mawa dzuwa lisanakwere, pamene masamba amakhala ndi mafuta ambiri, n'kuchimeta chonse. Amayi sanatuluke m'nyumba. Masambawo ndinawalongedza m'masaka n'kukwera nawo basi, ndipo anthu onse m'basimo ankafunsana kuti kodi wanyamula zumbani ndani. Ndinangoyang'ana pazenera ngati si ine.

Tinatchezera m'kachipangizo kagalasi ka m'labu, osati mumphika wa ku famu, kuti pasatayike kanthu. Ndinakhala pambali ndikuyang'ana madontho. Chitsamba chimene chinasambitsa anthu a komboni yonse, chimene chinaoloka nyanja m'chitini, chinatulutsa timafuta tachikasu tosadzaza n'komwe kabotolo kotalika ngati chala changa chachikulu. Ndinachita mantha, sindinama.

Madamu anapempha kadontho kamodzi kokha. Ndinalola, poti nanenso mtima unkafuna kudziwa. Kuti pakhale chofanizira, tinatchezanso zumbani amene ndinathyola m'mbali mwa msewu ku Selous. Mapepala awiriwo atatuluka, Madamu anawasanjikiza pa galasi la zenera kuti dzuwa liwale kuseri kwake. Ana anga, timapiri tinagwerana timodzitimodzi ngati ndi pepala limodzi. Koma cha kumapeto, pa pepala la chanzi cha amayi panali kaphiri kamodzi kakang'ono kamene pa la zumbani panalibe.

"Aka ndiye chilumba!" ndinakuwa.

Madamu anavula magalasi n'kupukusa mutu. "Sindikudziwa, Bambo Lazaro. Mwina ndi chilumba. Mwina ndi dothi la ku Chakari, chifukwa chomera chimodzimodzi chimasintha mafuta malinga ndi pamene chamera. Mwina ndi chilala, chomera chikavutika chimapanga zachilendo. Mwinanso ndi litsiro la m'makina anga okalambawa."

"Ndiye ndi chanzi cha ku Likoma kapena ndi zumbani?"

"Ndanena kuti sindikudziwa."

Aa, ndinapsa mtima tsiku limenelo. Chipewa ankakana kundiyankha, uyu woyankha zonse akuti sakudziwa, pa funso limodzi lokha limene ndinalifunadi pa moyo wanga wonse! Kuti tibwereze sizinatheke, mpweya wa m'silinda unatha sabata yomweyo. Madamu anati ali ndi anzake kunja okhala ndi makina otha kutchula dzina la kaphiriko, koma pafunika kutumiza theka la mafutawo. Ndinakana. Ndinati mafutawa ali ndi mwini wake ndipo akudikira tsiku lake. Sanandikakamize.

Madzulo ake ndinafika kunyumba ndi kabotolo m'thumba la malaya. Za mapepala ndinalibe nazo mawu, ndinangoti ndiwasangalatse amayi. Ndinagwada pafupi nawo, n'kutsegula, n'kuwayandikizira kumphuno. Ananunkhiza kamodzi, n'kubweza mutu.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Ndi chanzi chanu, amayi. Chonse chili m'menemu."

Ananunkhizanso, nthawi yaitali. "Iyayi. Izi zikununkha ngati kuchipatala. Chanzi changa sichilasa m'mphuno chonchi. Lazaro, chanzi changa chili kuti?"

Madamu anali atandiuzapo kale kuti mafuta otcheza sanunkhira ndendende ngati tsamba laliwisi, chifukwa moto umasintha zina ndipo zina zimatsalira m'madzi. Ndinkazidziwa zimenezo ngati nkhani ya kuntchito, koma sizinandibwerere m'mutu pamene ndinkanola chikwakwa. Amayi sanalire, sanandinene. Anangotembenukira kukhoma n'kuti, "Chabwino, kasunge." Ndinamva kuwawa kumene sindinakumvepo ngakhale pa maliro a bambo.

Chegutu, zaka zotsatira

Madamu anabwerera kwawo patapita zaka zochepa, makina aja anafa osakonzedwanso, ndipo ine ndinatsala ndikuyeza mafuta ndi sikelo ndi mphuno mpaka kupuma ntchito. Amayi anakhala nafe. Inu mukuwakumbukira ali mbuya wosaona bwino, wokhala pakhonde, wokufunsani m'Chichewa inu n'kumayankha m'Chishona. Za chanzi sanazitchulenso, ndipo kusatchulako n'kumene kunkandidya. Nthawi zonse akadwala ndinkayang'ana pamwamba pa kabati n'kumadzifunsa kuti tsikulo likadzafika ndidzawasambitsa ndi chiyani, ndi chinthu chimene eni ake anachikana?

Lamulungu lina, mvula itagwa bwino, tinkachokera ku tchalitchi kudzera kanjira ka m'mbali mwa njanji. Amayi ndinawagwira dzanja chifukwa maso anali atatheratu. Mwadzidzidzi anaima.

"Taima. Ukumva?"

"Sitima, amayi?"

"Sitima ya chiyani, iwe! Fungo."

Anawerama, akupapasa m'tchire, mpaka anagwira chitsamba china. Anathyola masamba, kuwafikisa m'manja, n'kuika kumaso. Kenako anayamba kuseka, misozi ikutsika.

"Mayo ine! Chanditsatira! Lazaro, taona, chanzi changa chanditsatira mpaka kuno!"

Ndinayang'ana. Anali zumbani. Zumbani weniweni, wodzaza njanji yonse kuyambira pamenepo mpaka kumene maso amalekezera, udzu wa mbuzi uja umene anakhala akuunyoza moyo wawo wonse. Pakamwa panga panatseguka kuti ndinene, koma ndinene chiyani? Kuti si chanu? Makina anati timapiri n'timodzimodzi. Kuti ndi chanu? Nanga kaphiri kaja? Kodi mphuno yawo inali itakalamba, kapena inali itangosiya makani? Kapena chitsamba cha m'chitini chinafera m'njira kalekale, iwo n'kubzala cha konkuno osatiuza, mwinanso osadziuza okha? Mpaka lero mutu wanga umazungulira ndikaziganiza.

"Ndi chomwecho, eti?" anandifunsa, atandigwira mkono mwamphamvu.

"Mwachidziwa ndinu eni ake, amayi," ndinatero.

"Ndiye umve. Tsiku langa likafika, za m'botolo zako zija ayi. Udzathyole pano."

Anamwalira chaka chotsatira, nyengo ya mvula, zumbani ali wobiriwira. Ndinapita ndekha kunjanji ndi thumba. ANangozo anabwera kuchokera ku Chakari, atakalamba zedi, akuyendera ndodo. Nditawapatsa masambawo anawafikisa, kununkhiza, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinati lero ndiyaluka pamaso pa anthu.

"Eni ake anati chiyani?" anafunsa.

"Anati ndi chawo."

"Ndiye ndi chawo. Bweretsa beseni."

Lero

Kabotolo kaja sindinakatsegulenso chitsekereni tsiku limene amayi anakakana. Mwina mafuta ake anauma, mwina anasanduka phula, sindikudziwa. Ku Likoma sindinapiteko, ndipo ndi mawondo anga awa sindidzapitako. Ndinagwira ntchito yoyeza zinthu moyo wanga wonse, koma chinthu chimodzi cha m'nyumba mwanga momwe chinandikanika.

Tsono imvani, Tendai ndi Rudo, ndipo musadzakangane. Sosaite ya maliro ija inatha, aNangozo anapita, palibe amene adzakuuzeni zochita. Tsiku langa likadzafika, mudzatsitse kabotoloko. Chitsekerero chikadzakanika mudzachiphwanye. Mudzathire zonse m'beseni, osasiyako ndi kadontho koti wina akayeze. Ngati muli chilumba, ndidzapita nacho kwa amayi, akanunkhizenso kachiwiri. Ngati muli zumbani wa ku Chakari basi, palibe cholakwika. Ine ndinabadwira konko.